“Nyumba Ilipo”

Mu Ogasiti 2018 ndinawoloka pa Cassacatiza kupita ku Kulamba ku Mkaika, kumene Acewa a maiko atatu timakalambira Kalonga Gawa Undi. Mwambo utatha ndinakagona kwa amalume ku Katete. Usiku umenewo msuweni wanga, mwana wao wamkazi, anandikokera kuseri kwa nkhokwe ndi foni m'manja. Anali atatsiriza maphunziro a uphunzitsi zaka zitatu zapitazo, koma boma la Zambia linali lisanamulembe nchito, ndipo ankakhalira kugulitsa vitumbuwa pamseu. Mu foni munali uthenga wocokera ku sukulu ina ya munthu payekha mumzinda wa Tete. Ankafuna mphunzitsi wa Cingelezi, malipiro 15,000 metikali pamwezi, ndipo kumapeto analemba mawu awiri: nyumba ilipo.

Mwayi umenewu unadzera mwa ine. Ndinkadziwana ndi munthu wodziwana ndi mwini sukuluyo, ndipo ndinali nditamuchula msuweni wangayo. Ndiye iye anati: “Asuweni, inu mumatha Ciputukizi, mundifunsireko. Nyumbayo ndi yotani, ndikhalamo ndi yani? Magetsi ndi madzi alipira ndani? Mapepala ondilola kugwira nchito atenga ndani? Nanga miyezi ya chuthi ndizilandira?”

Ine ndinaseka. Ndinati: “Iwe, munthu akukupatsa nyama, ukufuna akuuze zaka za mbuzi? Ukayamba mafunso adzati ndiwe wovuta, atenga wina.” Anakhala cete, kenaka anati cabwino. Mwezi wotsatira anakwera chapa wa ku Tete.

Nyumba inalipodi. Kanali kacipinda kuseri kwa makalasi, kamalata opanda siling'i, ndipo amene anakhalako ku Tete mu Okutobala akudziwa kuti kutentha kukapitirira madigiri 40 malata amasanduka ciwaya. Anapezamo mphunzitsi wina wocokera ku Zimbabwe, bedi limodzi. Mwezi utatha anamupatsa 10,500, namuuza kuti zinazo ndi za lendi, magetsi ndi madzi. Pasipoti anaitenga tsiku loyamba, ati tikakonzere DIRE, ciphaso ca mlendo wokhala m'dziko muno. Masiku 30 amene anamudindira pamalire anatha, DIRE osaoneka. Kuyambira pamenepo sakanathanso kupita ku ofesi ya za nchito kukadandaula, cifukwa woyamba kupezeka wolakwa akanakhala iye. Disembala ndi Januwale sanalandire kanthu, ati ana sali pasukulu, makolo sanalipire. Mu Malichi analimba mtima nafunsa za ndalama zake pamaso pa aphunzitsi anzake. Anamuuza kuti dzuwa likamalowa akhale atabweza kiyi. Anagona masiku anai kwa mai wina wa kuchalichi ku Matundo, mpaka akulu a mpingo atakamupemphera pasipoti yake. Ya ulendo ndinamutumizira ine pa M-Pesa, ndipo mpaka lero sanandinenepo mawu oipa, cimene cimandipweteka kuposa akanandilalatira.

Ndakhala ndikudzifunsa cimene cinanditseketsa pakamwa usiku uja. Nthawi imeneyo ndinkacicha ulemu. Tinaleredwa kuti mlendo safunsa ndiwo, amalandira ndi manja awiri. Munthu akakukomera mtima, kumufunsa kuti “zingati, liti, mulembe” kumamveka ngati ukumuuza kuti ndi wakuba. Ndikayang'ana bwino tsopano ndimaona kuti pansi pa ulemuwo panali cina. Ndinkaopa kuti mnzanga uja adzati wacibale wanga ndi wamwano, dzina langa lidzaipa kwa anthu a mumzinda. Ndinasunga nkhope yanga, mtengo wake analipira msuweni.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti kufunsa kulibe ngozi. Akulu ena ndikawafotokozera nkhaniyi amati: mwana wosauka alibe mawu, pakhomo pali ena khumi akudikira nchito yomweyo. Akunena zoona. Mwina msuweni akanafunsa, akanamusiyadi. Ndiponso pepala silisandutsa munthu woipa kukhala wabwino. Alipo amene anasaina kontratu yamasamba asanu nadyeredwabe. Koma taonani cimene funso limacita. Wolemba nchito wamtima woongoka ukamufunsa kuti lendi alipira ndani, amangoyankha, cifukwa yankho ali nalo kale. Amene amakwiya ndi funso lotere wakuuziratu mmene adzakhalire nawe ukadzakhala m'manja mwake. Msuweni akanakanidwa ali ku Katete, akanataya nchito imene analibe. Anakanidwa ali ku Tete, wopanda pasipoti, wopanda pogona, ndi ngongole ya ulendo kumudzi. Akulu omwewo ndi amene anatiphunzitsa kuti safunsa anadya phula.

Pa mafunso ake anai aja, lalikulu linali la nyumba, ngakhale ine ndinaliona ngati laling'ono. Munthu amene amagona m'nyumba yake kapena yolipira yekha, akakangana ndi bwana amataya nchito basi, usiku akagona, m'mawa aganiza cocita. Koma nchito ndi denga zikakhala m'dzanja limodzi, mawu alionse amene ungayankhule masana umawayeza ndi funso lakuti usiku uno ndigona kuti. Sufunika kumenyedwa kuti ukhale cete. Amakutuma kusesa bwalo Loweruka, kuphunzitsa ana a bwana madzulo kwaulere, ndipo umavomera, pakuti wokutumayo ndi mwini citseko cimene wagona kuseri kwake. N'cifukwa cake mawu akuti “nyumba ilipo” amakoma m'khutu la munthu wakutali, ndipo n'cifukwa cake ayenera kuwasenda ngati cinangwa: ilipo kuti, ndi ya ndani, ndalama yake icokera pati, ndipo nchito ikatha ndipatsidwa masiku angati ndisanatuluke.

Zimenezi si zacilendo kwa ife. Agogo athu ambiri a kuno ku Tete anapita kumafamu ndi kumigodi ya ku Rhodesia, nakakhala m'makomboni a eni nchito. Ku Malawi, matenanti a m'maesiteti a fodya ankakhala pamalo a mwini esiteti, kudya cimanga ca ngongole caka conse, n'kudzamva mtengo wa thukuta lao fodya atagulitsidwa. Dzikolo linaletsa ucitenanti ndi lamulo mu 2021. Ndipo ife a Mozambique tili ndi amadgermanes. Boma lathu linapangana ndi East Germany mu 1979, acinyamata zikwizikwi anapita kukagwira nchito m'mafakitale, akugona m'nyumba zimene anawakonzera. Gawo lina la malipiro ao linkadulidwa n'kutumizidwa kuno, ati adzalipeza pobwerera. Anabwerera mu 1990, ndipo kwa zaka zambirimbiri akhala akuguba m'misewu ya Maputo Lacitatu kufunsa ndalamazo. Iwo sanapatsidwe mpata wokambirana, ena anawakambira. Msuweni wanga mpata anali nao, ndinamulanda ndine.

Cimene cinanditembenuza maganizo kwenikweni ndi ukwati wa mphwanga, kumene ndinali nkhoswe. Tinakhala pamphasa tsiku lathunthu, ife uku, akucikazi uko. Tinafunsana zonse: mkamwini amanga pati, alima munda uti, akadwala adziwitsidwa ndani, akayambana apita kwa yani. Palibe amene anati tikunyoza. Pakati pa zokambiranazo ndinazindikira kuti mkamwini ndi munthu wopita kukakhala pamalo a eni, pansi pa denga limene tsiku lina angauzidwe kuti alisiye, atenge bulangeti lake azipita. Makolo athu anaiona ngozi imeneyi, ndiye anaika ankhoswe kuti mawu ayambe, munthu atsatire. Tsono amene amati kufunsiratu si cikhalidwe cathu sanayang'ane bwino. Mwambo wathu sulola mwana kukalowa pamudzi pa eni popanda omuyankhulira. Tinangoiwala kuutenga mwambowu pamene ana athu anayamba kupita kwa eni masukulu ndi eni makampani. Usiku uja kuseri kwa nkhokwe msuweni sankandipempha kuti ndikhale womasulira Ciputukizi cabe. Ankandipempha unkhoswe, ine ndinaukana.

Cingelezi cili ndi msika kuno, makamaka kuyambira pamene Mozambique analowa mu Commonwealth mu 1995 ndi pamene malasha a ku Moatize anakoka makampani akunja. Ife amene tinathawira ku Malawi ndi ku Zambia nthawi ya nkhondo tinabwera naco pang'ono m'kamwa pambuyo pa mtendere wa 1992, ndipo abale athu a tsidya lija amaciphunzira kuyambira ali ana. Mauthenga ofuna aphunzitsi apitirizabe kubwera, ena a ku Tete, ena a ku Nampula, ena a maiko akutali amene munthu sungabwereko ndi ndalama ya M-Pesa ya msuweni. Ku wailesi kwathu akandipatsa cilengezo ca nchito cakuti “malo ogona alipo”, masiku ano ndimayamba ndaimbira mwini wake kumufunsa mafunso anai aja. Ena amayankha bwinobwino. Mmodzi anadula foni, cilengezo cake sindinaciwerenge.

Koma ndisadzionetse woyera. Ifenso a ku Chifunde ndife olemba nchito. Caka ciriconse anyamata a ku Malawi amawoloka kudzalima fodya m'minda yathu, timawapatsa kanyumba ndi ufa, n'kuwauza kuti tidzaonana tikagulitsa. Ine ndili ndi kamunda ka fodya ca ku Mualadzi. Dzinja lapitali kunabwera mnyamata wa ku Mchinji, wa zaka ngati 20, ataphwanyira nsapato kuphazi. Ndinamuonetsa kanyumba. Anasuzumiramo, natuluka, nagwada, nati: “Bambo, pepani, ndifunseko. Ufa mudzadula pamalipiro? Nanga fodya akapanda kucita bwino, ine ndidzalandira zingati? Mukandicotsa pakati pa caka, miyezi imene ndagwira idzawerengedwa?”

Mtima wanga unatentha. Mawu anafika pakamwa akuti kamwana aka, sikanagwire n'komwe khasu kayamba kale milandu. Anali mawu omwe aja a ku Katete, angosintha malaya. Ndinawameza. Funso laciwiri linandivuta, cifukwa kunena zoona ndinali ndisanaliganizepo. M'mutu mwanga fodya akalephera tonse tikanangolira limodzi, iye n'kubwerera kwao cimanjamanja. Tinakangana pa cigawo cimeneco mpaka dzuwa kupendeka. Iye ankafuna malipiro onse, ine ndinkati theka. Tinagwirizana pa magawo awiri mwa atatu, ufa wosadula. Ndinang'amba tsamba m'kope la mwana wanga, tinalemba kawiri, m'mawa tinapita nalo kwa anyakwawa kuti amve. Pepala lake analipinda kanai, nalikulunga m'kapulasitiki ka shuga, naliika m'thumba la mkati.

Msuweni analembedwa nchito mu 2022, pamene boma la Zambia linatenga aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi. Anamutumiza kusukulu ya kumudzi ca ku Chadiza. Atalandira kalata anandiimbira, akuseka, nati: “Asuweni, ahedi akuti nyumba ilipo. Ndawauza kuti ndibwera Lacisanu kudzaiona kaye.”