Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo

Mwambiwu timaunena kawirikawiri podzudzula mwana wochita manyazi ndi mayi ake osauka. Koma mwendo umachepanso ndi matenda, mayi akafa ziwalo ndi sitiroko, osathanso kukweza supuni kukamwa.

Msilikali wa ku America zikamugwera zoterezi sangolongedza chikwama n'kumapita kwawo, pakuti kuthawa usilikali ndi mlandu. Malamulo a asilikali apamtunda a dzikolo, AR 635-200, mutu 6, amamulola kupempha kuti amasulidwe nthawi ya mgwirizano wake isanathe. Pamafunika kalata ya dokotala ndi umboni wolumbira wosonyeza kuti vutoli labuka kapena lakula iye atalowa kale usilikali, kuti silitha msanga, komanso kuti njira zina zonse zakanika. Kungowasowa makolo si chifukwa chokwanira.

Pamene pamawawa ndi pa abale. Ngati pali mlongo kapena mchimwene, akuluakulu amafuna kudziwa chomwe chikuwalepheretsa kudwazika mayiwo. Funsoli ndi lachilungamo ndithu, ngakhale limakakamiza mwana kulemba papepala la boma zomwe banja limabisa: kuti mchimwene anamira mu mowa, kuti mlongo sayankhanso foni.