Kodi wachinyamata akamatiopa ndiye kuti akutilemekeza?

Alangizi a magulu a achinyamata kuno ku Mwaya amadandaula kawirikawiri kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Koma kodi tikufuna kuti azitiopa, kapena kuti azitikhulupirira? Pamaso ziwirizi zimafanana, poti woopa ndi wokhulupirira onse amakhala chete mkulu akamayankhula. Kusiyana kumaoneka tsiku la vuto. Mtsikana amene watenga pathupi, kapena mnyamata amene wayamba kachasu, sapita kwa munthu amene amamuopa. Amabisa mpaka zinthu zitafika poipa.

Pa 8 Disembala 1841, mumzinda wa Turin ku Italy, wosamala tchalitchi anamenya ndi kuthamangitsa mnyamata wamasiye, Bartolomeo Garelli, chifukwa sankadziwa kutumikira Misa. Wansembe wina, Don Bosco, anamuitanitsanso. Sanayambe ndi katekisimu ayi. Anayamba wamufunsa dzina ndi kwawo. Ntchito yake yonse yosamalira achinyamata inayambira pamenepo. Mu 1884, atakalamba, analembera anzake kalata ali ku Rome, kuwadandaulira kuti asiya kusewera ndi anyamata pabwalo, akungowayang'anira ali patali. Mfundo yake inali yakuti chikondi chimene mwana sakuchiona sichimuthandiza.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Mnyamata amene wachezera panyanja kukoka usipa akamasinza pa maphunziro, mlangizi angathe kumukalipira pagulu, kapena kumufunsa pambali kuti usiku wayenda bwanji. Kukalipa n'kwachangu, koma sabata yamawa mpando wake mudzaupeza wopanda munthu. Ndipo mlangizi amene sanapondepo pabwalo la mpira kapena pokonzekera chilimika asadabwe ngati akudziwa nkhope zokha.

Ena amati kuzolowerana kumachotsa ulemu, ndipo nkhawa yawo sindikuitaya. Alipo akuluakulu amene anagwiritsa ntchito ubwenzi wotere kuwononga ana. Choncho kuyandikira kumene ndikunenaku n'kwa poyera: pansi pa mtengo wa mango anthu akuona, makolo akudziwa, osati m'chipinda chotseka kapena pa WhatsApp usiku. Mlangizi amakhalabe wamkulu, ndipo amadzudzula pofunika kudzudzula.

Pamsonkhano wotsatira wa Mphakati, mlangizi aliyense ayese kutchula mayina a achinyamata amene asiya kubwera, ndi chifukwa chake, kenako tigawane makomo oti tikayendere.