Mverani pakamwa, koma penyani manja

Adzukulu anga, inu amene mwayamba kuvota ndi kugwira timabizinesi, munthu musamamuyese pa nthawi imene mfundo yake ikumukomera. Aliyense amadana ndi katangale akakhala kunja kwa boma. Muzimudikira pa tsiku limene kusunga mfundoyo kungamutayitse mpando, ndalama kapena m'bale.

Ambiri a inu munabadwa nkhondo ya matipate itatha kale. Mu April 1992 a Chakufwa Chihana anabwerera kumudzi akudziwa kuti akamangidwa, ndipo anamangidwadi atangotsika ndege ku Lilongwe. Pa 14 June 1993 tinavotera nyali ya matipate, kukana tambala wakuda wa chipani chimodzi, chifukwa tinali titatopa ndi upulezidenti wamuyaya. A Bakili Muluzi atapambana mu 1994, malamulo atsopano ananena momveka kuti pulezidenti alamulire zaka zisanu kawiri basi. Tinkaona ngati nkhaniyo yatha.

Zaka zisanu ndi zitatu zokha zitadutsa, mu July 2002, ku Nyumba ya Malamulo kunabwera bilu yofuna kuchotsa malirewo kuti a Muluzi aimenso. Amene anaibweretsa anali phungu wa AFORD, chipani cha a Chihana omwe aja amene anagona kundende pokana ulamuliro wa munthu mmodzi. A John Tembo a MCP nawonso anaiikira kumbuyo. Biluyo inagwa italephera ndi mavoti atatu okha. Atatu, ana anga. Mipingo, bungwe la PAC ndi aphungu amene anakana kugulidwa ndiwo anatipulumutsa. Sindikukuuzani zimenezi kuti muchepse kulimba mtima kwa a Chihana mu 1992, kunali kwenikweni ndipo tonse tinapindula nako. Ndikufuna mudziwe kuti munthu amene anaima pachoonadi dzulo amafunika kumuyang'anabe lero.

Musaganize kuti ndi matenda a chipani chimodzi. A Bingu wa Mutharika analowa mu 2004 akulonjeza kuti katangale sadzamusekerera ngakhale pang'ono, ndipo tinawaombera m'manja. Pofika pa 20 July 2011 apolisi anali kuombera anthu ochita zionetsero. Kubedwa kwa ndalama za boma kwa Cashgate kunaululika mu 2013, boma lili m'manja mwa a Joyce Banda. Mu 2020 mgwirizano wa Tonse unadzudzula kukondera achibale m'misonkhano yonse, koma pa mndandanda wa nduna umene unatuluka mu July chaka chomwecho panali mwamuna ndi mkazi wake, panalinso munthu ndi mlongo wake. Nthawi zonse pamapezeka wina wonena kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Mawu amenewo musawalole kukhala pakamwa panu, chifukwa msipu umene ukudyedwawo ndi mankhwala a kuchipatala ndi mabuku a ana asukulu.

Koma za andale zisakuiwalitseni zimene zili pafupi nanu. Nthawi yokolola pitani pamene mavenda akugula soya kapena chimanga. Mudzaona sikelo itapachikidwa pa nthambi ya mtengo, mnyamata atakhala pa mulu wa matumba, chikwama cha ndalama chili m'khosi. Mayi wabwera ndi thumba limene wadzaza yekha mpaka kukamwa. Pokweza thumbalo mnyamata uja amalichirikiza pang'ono ndi bondo, muvi wa sikelo usanakhazikike watchula kale nambala, thumba latsitsidwa. Mayiyo akadandaula amauzidwa kuti mbewu yake sinaume bwino, achotseponso makilogalamu awiri. Boma limalengeza mitengo yoyambira chaka ndi chaka, a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo, koma kumudzi safika tsiku lililonse, ndipo mayi uja akufuna ndalama ya fizi lero lomwe. Amene watuma mnyamatayo kawirikawiri ndi munthu wodziwika, pasitolo pake palembedwa vesi, Lamulungu amakhala mpando wakutsogolo ndipo pa chopereka dzina lake limatchulidwa. Chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti mnyamata wa bondo uja ndi msinkhu wanu. Akuphunzira kuti kupemphera ndi kwa tsiku lina, malonda ndi a tsiku lina. Akadzakhala khansala sadzafunanso mphunzitsi.

Tsono chitani izi. Nthawi ya kampeni sungani manifesito, kapena lembani m'kope zimene wolankhulayo walonjeza m'dera lanu: mlatho uti, mjigo pati, pofika liti. Akadzabweranso, mufunseni mwaulemu pamaso pa anthu, kope lili m'manja. Ndalama zogawidwa pa msonkhano lamulo la zipani la 2018 linaletsa, ndipo wolandira amadziwa yekha kuti pakamwa pake patsekedwa. Simungafunse za mlatho kwa munthu amene dzulo anakupatsani ya mowa. Chipani chanu chikachita chimene munkadzudzula kwa ena, dzudzulani ndi mawu omwewo. Apa ndi pamene ambiri amagwera, ngakhale ophunzira kwambiri.

Ndipo tsiku lina adzakusankhani kukhala msungichuma wa banki mkhonde kapena wa komiti ya pasukulu. Ndalama muziwerengera pamaso pa onse, buku lizikhala poti aliyense angathe kulitsegula. Mlongo wanu akachedwa kubweza ngongole, chindapusa chake chifanane ndi cha mayi wa kutsidya amene simumwerana naye madzi, ngakhale kunyumba akakuyang'aneni ndi diso lofiira sabata yonse.