Mvula ikakuona litsiro sikata

Akuluakulu akamati mvula ikakuona litsiro sikata, sakhala akudzudzula wovutikayo. Amanena za khalidwe la tsoka, loti likapeza munthu amene wagwa kale, limabwereranso pakhomo pomwepo. Misozi ya maliro oyamba isanaume, uthenga wina wafika.

Nyimbo ya gulu la Metallica la ku California, yotchedwa Until It Sleeps, ndi mawu a munthu wotere. Inatuluka mu 1996 m'chimbale cha Load. Woimba wake, James Hetfield, bambo ake anachoka panyumba iye ali ndi zaka 13. Kenako mayi ake anadwala khansa. Banjali linali la mpingo wa Christian Science, umene umaphunzitsa kuti matenda amatha ndi pemphero, choncho mayiwo sanalandire thandizo la kuchipatala. Anamwalira mu 1980, mwana wawo ali ndi zaka 16. Mu 1986 mnzake woimba besi, Cliff Burton, anafa basi yawo itagubuduzika ku Sweden. M'chaka chomwe nyimboyi inatuluka, khansa inatenganso bambo aja.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi imfa ya mayiyo, chifukwa apa mvula inalowa mpaka m'nyumba yothawiramo. Mwana anaona mayi ake akuwonda tsiku ndi tsiku, akulu akumuuza kuti chikhulupiriro chiwachiritsa. Atamwalira, anataya mayi pamodzi ndi Mulungu amene anamuphunzitsa kumudalira. Ndani angamuuze mwana wotere kuti apemphere kwambiri? Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo; alipo odwala amene anasiya mankhwala atauzidwa kuti achira kale, ndipo ana awo ndi amene anatsala ndi mafunso.

Chifukwa cha chisoni cha Hetfield chimenechi, nyimboyi siithamanga monga zakale za gululi. Imayamba ndi besi yolira motsitsa, ndipo ululu umafotokozedwa ngati chinthu chamoyo chokhala m'thupi, chosachoka, chongopuma pang'ono. Vidiyo yake inatengera zojambula zoopsa za Hieronymus Bosch, zodzaza ndi chiweruzo ndi mazunzo. Okonda gululi ena anadandaula kuti anyamatawa afewa, ameta tsitsi, asiya phokoso. Ine ndimaona kuti anaphonya. Munthu amene wakwirira makolo onse awiri ndi nthenda imodzi sakhala ndi mphamvu zokuwa usiku wonse. Anthu wamba anamumva, ndipo nyimboyi inafika pa nambala 10 pa mndandanda wa Billboard Hot 100 ku America.