Utsi wa kutali, mapiri a kwathu: mfundo zofunika pa kusintha kwa nyengo

1. Tidziwe kaye gwero la vutoli. Dziko likutentha chifukwa cha mpweya wa carbon dioxide umene umatuluka anthu akamawotcha malasha, petulo, dizilo ndi gasi m'mafakitale, m'magalimoto ndi popanga magetsi. Mpweyawu ukaunjikana mumlengalenga umafunditsa dziko ngati bulangete: kutentha kwa dzuwa kumalowa, koma kutuluka kumavuta. Mafakitale asanachuluke ku Ulaya, mpweyawu unali magawo 280 pa magawo 1 miliyoni alionse a mpweya wa mumlengalenga. Lero wadutsa 420. Chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse chiyambire kuyeza. China ndi United States ndiwo amatulutsa wochuluka, pamene Africa yonse gawo lake ndi pafupifupi 4 pa 100 alionse.

2. Akupsa kwambiri ndi amene sanakoleze motowo. Namondwe amatenga mphamvu m'madzi ofunda a m'nyanja, ndipo mpweya wotentha umasenza chinyezi chambiri, n'chifukwa chake mvula ya namondwe masiku ano ikumakhuthuka mopitirira muyeso. Namondwe Freddy anayambira kufupi ndi Australia, anakhala ndi mphamvu masabata oposa asanu, ndipo mu March 2023 anagwera chigawo cha kummwera kwa dziko lino. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'Malawi muno. Ambiri mwa amene anakwiririka ndi matope ku Chilobwe analibe galimoto, ena ngakhale magetsi m'nyumba. Choncho thumba la ndalama zolipira zowonongeka, lomwe mayiko anagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022, tisamalitenge ngati chifundo cha olemera. Ndi ngongole, ndipo atsogoleri athu aziitchula choncho mopanda manyazi.

3. Komabe tisabisale kumbuyo kwa mayiko olemerawo. Napolo si wachilendo: anasesa Zomba mu 1946 ndi Phalombe mu 1991. Chimene chasintha n'chakuti mvula yoopsa ikubwera pafupipafupi, ndipo ikupeza mapiri ali mbee. Phiri la Soche tinalimeta tokha, n'kumanga nyumba m'mphepete mwake momwe. Makala athu sanalenge Freddy, koma mizu imene ikanagwira dothi tinaizula ndife.

4. Tisathamangire kuloza chala bambo wokankha njinga ya makala. Iye amawotcha chifukwa m'tauni alipo ogula, ndipo ogulawo ndi ife, kuphatikizapo a m'nyumba za mipanda. Timagula chifukwa magetsi amazimazima, gasi ndi wodula, ndipo mabanja ambiri sanalumikizidwe n'komwe. Onani mmene zinthuzi zimalumikizirana. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi atasowa, mbaula zinayaka kwambiri; mbaula zikayaka, mitengo imagwa; mitengo ikagwa, dothi limakokolokera mu Shire momwemo n'kukatseka makina. Kulanda thumba limodzi pa rodibuloko, pamene malole odzaza makala akudutsa usiku, n'kulanga wosauka chabe. Ine ndimaona kuti tchimo lalikulu lili kwa wolandira chiphuphu kuti loleyo idutse. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi akumwa a mzinda wa Lilongwe, ikutha mwa njira yomweyi.

5. Mimba ya dziko isadalire mbewu imodzi. Mu March 2024 ng'amba ya El Niño itawotcha minda, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chimanga chinafota, koma mapira, mawere, chinangwa, mbatata ndi nandolo zimapirira dzuwa kuposa icho. Kunena kuti tagona ndi njala pamene tadya mbatata ndi mwambo umene nyengo ino singatilolenso.

6. Tsoka likagwa, funsani amene walisenza. Sukulu zikasanduka misasa, ana amataya masabata a maphunziro. Njala ikalowa m'nyumba, amene amayamba kusiyitsidwa sukulu n'kukankhidwira ku banja ndi mtsikana. Zitsime zikauma, mtunda umatalikira amayi. Ndipo anthu a m'chigwa cha Shire, ku Nsanje ndi ku Chikwawa, timafulumira kuwanena kuti ndi osamva akakana kusamukira kumtunda. Kumunsiko kuli madimba amene amawadyetsa chilimwe chonse, kuli nsomba, kuli manda a makolo awo. Wowauza kuti asamuke abwere ndi malo olima, mjigo, sukulu ndi chipatala, ndiponso akambirane ndi mafumu a kumtundako za malowo chigumula china chisanafike.