Wobinya Mwendo ndi Funso la Choonera pa Kanema

Kuvulala kwakung'ono, monga kubinya mwendo m'kakolo kapena kuthyoka kafupa ka phazi komwe achipatala amakamanga m'chikhakha, kumaika munthu pamalo amene maulaliki sawakhudza kawirikawiri, popeza sali pafupi ndi imfa kuti ayambe kukonza za moyo wake, komanso alibe mphamvu zoti n'kubwerera kuntchito. Wobinya pang'ono amalangizidwa kuti apumitse mwendowo, aikepo madzi oundana, aumange ndi bandeji ndi kuusanjika pa pilo kuti chotupa chiphwe, ndipo nthawi zambiri amakhalako bwino pakatha masabata awiri kapena atatu, pamene wa chikhakha amadikira masabata pafupifupi 6. Abale ndi akumpingo amabwera kudzamuzonda masiku oyambirira, koma akaona kuti matenda ake si akayakaya amabwerera ku zawo, n'kumusiya pampando ndi rimoti m'manja. Apa funso loti aonere chiyani limakula, chifukwa ntchito, yomwe masiku onse imamusankhira zoti aganize, yamusiya kuti asankhe yekha.

Blaise Pascal, katswiri wa masamu wa ku France yemwe anamwalira mu 1662, akadaliyankha funsoli mokhwimitsa. M'zolemba zake zotchedwa Pensées, zomwe zinasindikizidwa mu 1670, iye anaona kuti anthu amathamangira masewera, ulenje ndi macheza pofuna kuthawa kukhala phee m'chipinda, momwe angakumane ndi kuchepa kwawo ndi imfa yawo. Maganizowa ali ndi choonadi, koma amamulemetsa wodwala mopitirira muyeso, pakuti amene mwendo ukumuwawa usiku sakulakwa akafuna choti chimuiwalitse ululu. Thomas Aquinas, yemwe anamwalira mu 1274, anali atanena kale m'buku la Summa Theologiae kuti mzimu nawo umatopa monga thupi, kuti mpumulo wake ndi chisangalalo, ndiponso kuti kukana nthabwala zonse n'chilema, monganso kuzikonda mopyola. Choncho sewero loseketsa kapena mpira sizifunika kupepesera.

Koma amene anaiona nkhaniyi ali pamphasa ya matenda ndi Ignatius wa ku Loyola. Pa 20 Meyi 1521, pa nkhondo ya ku Pamplona, chipolopolo cha mzinga wa Afalansa chinamuphwanya mwendo umodzi ndi kuvulaza winawo, ndipo ngakhale bala lake silinali laling'ono, miyezi imene anakhala akuchira kwawo ku Loyola inamuika pa vuto lomweli la nthawi yochuluka ndi thupi losayenda. Iye anapempha mabuku a nthano za ankhondo apakavalo ndi zachikondi, zomwe zinali zosangalatsa za masiku amenewo, koma m'nyumbamo munalibe, ndiye anamupatsa buku la moyo wa Khristu lolembedwa ndi Ludolph wa ku Saxony ndi lina la mbiri za oyera mtima. Malinga ndi zimene anafotokozera Luís Gonçalves da Câmara zaka zoposa 30 pambuyo pake, akasiya kuwerenga ankalota ali maso maloto amitundu iwiri: ena a kutchuka ndi kukopa mkazi wina wolemekezeka, ena a kupita ku Yerusalemu wosavala nsapato ndi kutsanzira oyera mtima Francis ndi Dominic. Onse awiri ankamukoma pa nthawi yowaganizayo. Kusiyana kunkaoneka maganizowo akatha, chifukwa oyambawo ankamusiya ali wosakhutira ndi wopanda kanthu mumtima, pamene achiwiriwo ankamusiyira chimwemwe chokhalitsa. Apa ndi pamene panaphukira chiphunzitso chake cha kuzindikira mizimu, kutanthauza luso loyesa zimene zikuchitika mumtima poyang'ana kumene zikuchokera ndi kumene zikumusiya munthu.

Muyeso umenewu ndi wakuthwa kuposa kungogawa mapulogalamu kuti awa ndi auzimu, awo ndi adziko. Wobinya mwendo akhoza kukhala tsiku lonse pa tchanelo cha mapemphero, akuona anthu akutaya ndodo ndi kulumpha pamaso pa mlaliki, koma pozimitsa kanema n'kutsala ndi nkhawa yoti mwina chikhulupiriro chake n'chochepa, chikhalirecho mitsempha ya m'kakolo mwake ikulumikizana pang'onopang'ono monga inalengedwera. Yemweyo akhoza kuonera sewero lopanda ulaliki uliwonse pamodzi ndi ana ake obwera kusukulu, akuseka ndi kutsutsana za amene walakwa m'seweromo, n'kukagona ali wopepukidwa ndi wofatsa kwa amene akumutengera madzi osamba. Zikhozanso kuchitika mosemphana, pakuti masewero ena achikondi ndi achiwembu amasiya munthu akukayikira mkazi kapena mwamuna wake popanda chifukwa, ndipo ulaliki wabwino umatha kumuphunzitsa kudikira. Dzina la tchanelo silithetsa mlanduwu, ndipo n'kulakwa kuti abusa kapena achibale azimuweruza wodwala pongoona chimene chili pagalasi.

Chovuta chenicheni cha masiku ano n'chakuti muyeso wa Ignatius umafuna mpata. Iye anali ndi mabuku awiri okha, ndipo akatseka buku panalibe china chomulanda maganizo, moti ankamva bwinobwino chimene chatsala mumtima. Kanema wamakono anakonzedwa kuti mpatawo usakhalepo: pa Netflix ndi pa YouTube gawo lotsatira limayamba lokha pakangopita masekondi ochepa, ndipo pa matchanelo a masewero a DStv lina likatha lina limakhala layamba kale. Mu 2017 Reed Hastings, yemwe pa nthawiyo anali mkulu wa Netflix, ananena poyera kuti kampani yake ikupikisana ndi tulo. Munthu amene wapyola magawo asanu osapumira sangathe kudziwa kuti gawo loyamba linamusiya bwanji, chifukwa sanapatsidwe nthawi yoti limusiye, ndipo chikumbumtima, chomwe ndi mphamvu ya mtima yodziweruza, sichigwira ntchito pa zinthu zimene sizinathe.

Pa chifukwa chimenechi, wochira amapindula akasankha zinthu zokhala ndi mathero, monga filimu imodzi, nkhani za madzulo kapena mpira wa mphindi 90, n'kuzimitsa kanema zikatha, ngakhale zitakhala zopepuka chotani. Ndipo pa Netflix ndi pa YouTube pomwe pali pozimitsira kuti gawo lotsatira lisamayambe lokha. Akatswiri a mafupa ndi minofu amalangizanso kuti wobinya pang'ono asaugoneke mwendo kwa nthawi yaitali, koma ayambe kuuyendetsa ndi kuupondetsa pang'ono masiku oyamba akadutsa, kuti kakolo asaume. Mphindi zimene munthu amazungulitsa phazi ndi kuyesa kufika pakhomo atagwira khoma zikhoza kukhala zomwezo zimene amadzifunsa ngati zimene waonerazo zamusiya wokwiya, wansanje, wamantha kapena wokonzeka kulankhula bwino ndi a m'nyumba mwake.