Kodi Woveka Mafupa Khungu Ndi Wabodza?

Pa tchuti chapitachi ndinapita kwathu ku Karonga nditasenza ntchito imene aphunzitsi anatipatsa: kumanga malo m'kompyuta, malo oti woonera athe kuwazungulira mbali zonse, ndi kuikamo chamoyo choyenda. Chida chathu ndi Blender, pulogalamu imene yakhala yaulere kwa aliyense kuyambira chaka cha 2002. Kwa amene sanaione ntchitoyi, ndinene kuti imafanana ndi kuluka dengu. Umayamba ndi timadontho, nutilumikiza ndi mizere mpaka thupi lioneke. Ukatero umaikamo mafupa opindika kuti chinthucho chiyende, nuchiveka khungu, nusankha mbali imene dzuwa lidzatulukire.

Chamoyo changa sindinachifune kutali. M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa boma la Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, mwaima chigoba cha Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chimene chinkadya masamba zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mafupa ake anakumbidwa ku Mwakasyunguti. Sidney Haughton anawalongosola koyamba mu 1928, ndipo dzina la leroli linaperekedwa mu 1993 ndi Louis Jacobs ndi anzake, mwa iwo Mmalaŵi Elizabeth Gomani. Ndinakhala masiku atatu ndikujambula ndi kuyeza ndi maso, nthiti ndi nthiti.

Vuto linayamba mafupa atatha. Fupa limakuuza kutalika kwa mwendo ndi pamene mnofu unagwira, koma silinena mtundu wa khungu, silinenanso kaliridwe. Tsono ndinabwereka khungu kwa njobvu. Mawu ndinatenga a ng'ombe ya amalume, nkuwachedwetsa mpaka anamveka ngati bingu lakutali. Pansi ndinayala msipu wobiriwira. Kumbuyo ndinaika nyanja yathu ndi mapiri a kutsidya, popeza Karonga wopanda nyanja sindimdziwa.

Usiku wina ndinaonetsa mng'ono wanga wa Sitandade 4. Anayang'ana kukamwa kuli yasa, nafunsa: "Achimwene, ndiye kuti chinkamwa madzi ku Kambwe, kumene timagula usipa?" Ndinangoseka. M'mawa mwake ndinamumva akuuza anzake kuti wachiona ndi maso ake chikumwa m'nyanja. Apo mtima unandigunda, pakuti ndinkadziwa kuti m'masiku a chinyamacho nyanja ya Malaŵi kunalibe. Inabadwa pambuyo pake ndithu, dziko litang'ambika. Ngakhale madambo a msipu onga athuwa anali asanafalikire. Mwanayo sananame. Ananena zimene anaona. Nanga wonama ndani?

Mnzanga wina wa m'kalasi akuti ndikudzivuta chabe. Akuti mmisiri aliyense amadzaza mipata, ndipo akadapanda kutero tikanatsala ndi mulu wa mafupa osauza munthu kanthu. Apa akunena zoona. Ngakhale akatswiri sanapeze nyama imodzi yathunthu. Analumikiza mafupa a nyama zingapo, nayerekeza zosowazo poona abale ake a chinyamacho. Akutinso agogo athu ankapeka nthano za Kalulu ndi Fisi, ndipo palibe anawatcha abodza.

Koma taonani kusiyana kwake. Wokamba nthano amayamba ndi kuti "Padangokhala," ife nkuyankha kuti "Tiri tonse." Mawu awiriwa ndi pangano: tonse tadziwa kuti talowa m'dziko lopeka, ndipo moto ukazima tidzatulukamo. Katswiri nayenso polemba amanena kuti ichi ndachipeza, ichi ndikuchiganizira. Chithunzi cha m'kompyuta chiribe pangano lotere. Fupa lenileni ndi khungu lobwereka zimawala ndi dzuwa limodzi, ndipo diso silitha kuona msoko. Luso langa likamakula, msokowo umabisikanso kwambiri. Ndiye kuti chimene aphunzitsi amandipatsira mamalikisi ndicho chimene chinasocheretsa mng'ono wanga.

Phunziro lachiwiri anandipatsa ndi agogo anga aakazi. Nyumba yawo inagwa pa chivomezi cha mu December 2009, ine ndiri ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Pofuna kuwakondweretsa ndinaimanganso m'kompyuta monga ndinkaikumbukira. Zipupa ndinaziwongola, malata ndinawayeretsa. Anayang'ana nthawi yaitali, nati: "Yakongola, mdzukulu wanga, koma si yanga. Yanga inali ndi khomo lopendekeka, limene agogo ako aamuna analephera kulikonza mpaka kumwalira." Ndinali nditafafaniza chinthu chokhacho chimene iwo ankachisowa.

Agogo anatha kunditsutsa chifukwa anakhalamo m'nyumbayo. Malawisaurus alibe womuyankhulira. Ndipo mawa wina wa ife adzamanga m'kompyuta linga la Mlozi, amene ananyongedwa ku Karonga mu 1895, kapena nkhondo ya Angerezi ndi Majeremani ya pa bomapo mu 1914. Mboni zonse zinapita. Adzasankha yekha nkhope yoipa ndi nkhope yabwino, ndipo ana adzati anaona ndi maso. Pamene palibe wotitsutsa, mpamene mlandu wathu umakula.

Sindikunena kuti tileke kupeka. Ndikunena kuti kupeka kumasanduka bodza pamene wopekayo abisa malire, nalola woonera kukhulupirira chimene iye mwini sakuchikhulupirira. Khungu la njobvu lija ndalisiya, chifukwa palibe akudziwa lenileni, koma tsopano kanema wanga amayamba ndi mafupa okhaokha, ndipo khungu limabwera pang'onopang'ono woonera akupenya, kuti adziwe pamene nthaka yalekeza ndi pamene ine ndayambira. Nyanja ndaichotsa, chifukwa pa iyo ndinkadziwa zoona.

Kanemayo sakukongolanso ngati kale, ndipo mwina mamalikisi atsika. Mng'ono wanga anakhumudwa nditamuuza. Anakhala chete, kenaka anafunsa: "Nanga chinkamwa kuti?" Ndinamuuza kuti miyala imene munapezeka mafupawo inaunjikidwa ndi mitsinje yakale. Loweruka lake anandikakamiza kuti tipite limodzi kukaona mafupawo.